Mahinjesi Awiri a Sakhwi

Kalekale, nyama zisanasiye kugula zinthu m'sitolo, kunali Sakhwi. Senderani kuno ana inu, nanunso akuluakulu musanamizire kuwodzera, nkhaniyi ndi yanu. Sakhwi mumamudziwa, kanyama konga mbewa kaja, miyendo yowonda, mphuno yaitali ngati chitamba cha njovu chofota.

Sakhwiyu anakwatira mkazi dzina lake Nangozo, namutenga chitengwa, kukakhala naye kwawo kuseri kwa chulu. Nthawi itakwana, Nangozo anapita kwa amake kukachira. Anachirako mapasa. Uthenga utafika, Sakhwi anavina yekha pabwalo mpaka fumbi koboo!

Chikuta chitatha, anapita kukatenga banja lake. Anakhala patali, wanjuta, maso pansi, monga amachitira mwamuna wamwambo kwa apongozi. Anawo anangowaona timphuno tokha, tasuzumira m'nsalu. Apongozi anayankhula atayang'ana kumbali.

"Auzeni bambo a mapasa kuti nyumba yawo ndinaiona. Pakhomo amatsekapo ndi chiguduli. Njoka zachuluka chaka chino. Zidzukulu zanga sizingagone kuseri kwa chiguduli. Akakhoma chitseko abwere."

Sakhwi anabwerera yekha. Tsiku lomwelo anapala thabwa, nasema kachitseko kosalala bwino. Chinatsala chinthu chimodzi: mahinjesi awiri ang'onoang'ono, ndi timisomali take.

Akanakhala kale, imeneyo sikanakhala nkhani. Kale pamphambano panali okala ya mdala Gogomole. Unkati ukafika, iye ayambe wafunsa, "Alamu adzuka bwanji? Chifuwa chija chinatha?" Ukafuna msomali umodzi, ankakugulitsa msomali umodzi. Ukadandaula kuti sudziwa kukhoma, ankatseka okala, nkukuperekeza, nkukakukhomera ndi mlomo wake, go go go! Koma kunabwera Mvuu, nadzamanga chisitolo chachikulu ngati phiri, magetsi ali waliwali usana. Nyama zonse zinathamangira komweko. Gogomole anakhala miyezi itatu akuyang'ana msewu, kenako anamanga katundu wake nalowera kumapiri. Nthawi zina mphepo ikachokera kumeneko, Sakhwi ankamva ngati go go go chapatali.

Choncho Sakhwi anapita kwa Mvuu.

Polowa anapeza Fisi, mlonda, atavala chipewa.

"Thumbalo siya pano. Potuluka ndione lisiti. Wopanda lisiti ndi wakuba."

"Zikomo bambo. Nanga mahinjesi ali mbali iti?"

"Ine ndi wa pakhomo. Kafunse m'kati."

M'katimo, ana inu, munali ngati m'tauni. Malata mpaka kudenga. Simenti milumilu. Mapaipi, mawilibala, makasu, zitini za penti ndandanda mpaka maso kutopa. Sakhwi anayenda, nayenda, nayenda. Wogulitsa osaoneka. Kenako anaona chitini chobiriwira chikuphethira. Anali Bilimankhwe. Iyeyu akaona wogula akubwera, ankasintha khungu kuti afanane ndi penti.

"Achimwene, ndakuonani. Ndikufuna mahinjesi."

Bilimankhwe diso limodzi linayang'ana kudenga, linalo kukhomo. Pa Sakhwi panalibe diso.

"Si mbali yanga. Ine ndi wa penti. Funsani Nyani, mzere wachisanu ndi chinayi."

Sakhwi tswi tswi tswi, mpaka mzere wachisanu ndi chinayi. Anapeza Nyani wakhala pamwamba pa makatoni, akutokosa foni.

"Achimwene, mahinjesi."

Zii.

"Achimwene!"

"Alipo. Timagulitsa katoni yonse."

"Katoni yonse ndikatani nayo ine? Nyumba yanga khomo ndi limodzi. Ndikufuna awiri, ang'onoang'ono."

"Ang'onowo ali m'kabati yagalasi iyo. Ndi yokiya."

Sakhwi anakakanikiza mphuno pagalasi. Anali momwemo! Timahinjesi tonyezimira, tofanana ndendende ndi kachitseko kake. Pakati pa iye ndi Nangozo panali galasi lokhalo basi.

"Ndiye tsekulanitu, achimwene."

"Makiyi si mbali yanga. Funsani Kadzidzi, pa tebulo lothandizira anthu."

Pa tebulo lothandizira anthu Kadzidzi anali m'tulo, mkonono uli ngrrr. Mukudziwa kuti kadzidzi usana ndi mtembo. Anatsekula diso theka.

"Makiyi amasunga bwana okha. Bwana ali pa msonkhano. Bwerani mawa."

Mawa Sakhwi anabwera. "Bwana atuluka." Mkuja anabwera. "Bwana angolowa kumene, asapume?" Mtondo anabwera. "Lero tikuwerenga katundu." Mlungu unatha. Wachiwiri unatha. Wachitatu unayamba.

Akabwerera kwawo, nyumba ili zii. Mtondo wa Nangozo wagona chammbali, m'kati akangaude amanga. Chitenje chake chakale chili pachingwe pomwe anachisiya, dzuwa lachifwifwitsa. Sakhwi ankachinunkhiza ndi mphuno yake yaitali ija, koma fungo la mwini wake linkacheperachepera tsiku ndi tsiku. Kachitseko kali tsamire kukhoma, chiguduli chili pekupeku pakhomo. Iye nkumadzifunsa, "Kodi ana anga ayamba kuyenda? Nanga afanana ndi ndani?"

Tsiku lina analawirira kwambiri, nalowa Fisi akuyasamula. Anabisala pansi pa wilibala. Ndipo anamuona Mvuu kwa nthawi yoyamba, chimimba chili patsogolo, makiyi ali jegejege m'chiuno, akulangiza antchito ake.

"Tamverani! Njovu akabwera, thamangani. Njati akabwera, thamangani. Amenewo amagula ndi ngolo. Koma tinthu ting'onoting'ono tofuna msomali umodzi, musataye nato nthawi. Titopa tokha. Ndipo aliyense akhale pa mbali yake. Amene ndimupeze wachoka pa mbali yake, ntchito yatha! Mwamva?"

"Tamva, bwana!"

"Ngakhale kugwe chiyani?"

"Ngakhale kugwe chiyani, bwana!"

Mvuu analowa mu ofesi yake, chitseko chachitsulo khuu! Chitseko chimenechi anachiika poopa akuba, ndipo chinkatsekukira kunja. Sakhwi anakhala pansi pa wilibala tsiku lonse, akungoyang'ana. Anaona kuti dzuwa likafika paliwombo, Mvuu amatuluka mothamanga kupita kumtsinje, poti khungu la mvuu likauma limang'ambika ngati dambo la mwezi wa Okutobala. Ndiye nkuti ulinso Okutobala weniweniyo.

Mphuno ya Sakhwi inagwedera kumanja, inagwedera kumanzere. Nzeru inali itabwera.

M'mawa mwake anatola kamwala kosongoka mbali imodzi, nakabisa m'tsaya. Fisi anasecha thumba, koma m'tsaya sanasechemo. Mvuu atangolowa mu ofesi, Sakhwi anakankhira kamwala kaja pansi pa chitseko, nakakhomerera ndi chidendene. Kenako anakhala pambali, mwendo pamwamba pa unzake.

Dzuwa linakwera. Malata anayamba kulira, the the the. Dzuwa linafika paliwombo. Mvuu anakankha chitseko. Gwa! Anakankhanso. Gwa! Akamakankha, kamwala nkumalowerera.

"Bilimankhwe! Nyani! Kadzidzi! Tsekulani kuno!"

Zii.

Sakhwi anayandikira, nayika mphuno pa mpata wapansi.

"Odi, bwana. Tikuthandizeni?"

"Ndiwe yani?"

"Kanthu kakang'ono, bwana. Kofuna msomali umodzi."

"Thamanga ukaitane antchito anga! Chitseko chakanirira!"

Sakhwi anathamangadi, sananame ayi. Anafika pa penti.

"Achimwene, bwana atsekeredwa."

Bilimankhwe anasanduka wofiira, kufanana ndi chitini chapafupi. "Zitseko si mbali yanga. Akandipeza ndachoka pa penti, ana anga adya chiyani?"

Anafika kwa Nyani. Nyani anaika foni pansi, natchera khutu, namva bwana wake akubangula. Anamwetulira pang'ono, natolanso foni. "Anati ngakhale kugwe chiyani. Unalipo iwe?"

"Ndinalipo."

"Ndiye ukundivutitsiranji?"

Kadzidzi sanatsekule ngakhale theka la diso. "Auzeni abwere mawa."

Sakhwi anabwerera ku ofesi. "Bwana, akuti si mbali yawo. Winayo akuti mubwere mawa."

"Ndibwere mawa? Ine ndili m'kati muno! Fisi! Fisi!"

Kuchokera kutali kunamveka mawu: "Ine ndi wa pakhomo, bwana!"

Mvuu anagunda chitseko ndi mutu, dii! Koma chitsulo anagula yekha, chokwera mtengo, choti ngakhale Chipembere asathyole. Thukuta lofiira linayamba kuyenderera. Msana unayamba kuthetheka.

"Iwe kanthu iwe," mawu anatsika tsopano, "achimwene, bambo wanga, palibe chimene mungachite?"

"Zitseko ndimazidziwa, bwana. Milungu itatu tsopano ndakhala ndikulota zitseko zokhazokha. Apa vuto ndi mahinjesi. Koma kuti ndidziwe pamene aakuluwa alakwa, ndiyenera kuona mmene ang'onoang'ono amapindikira. Ndipatseni makiyi a kabati yagalasi."

"Makiyi anga sagwira munthu wina!"

"Chabwino, bwana. Ndibwera mawa."

"Imani! Imani!"

Jegejege, makiyi anatulukira pansi pa chitseko.

Sakhwi anawakoka mpaka pa kabati, natsekula. Anatenga mahinjesi awiri ndi timisomali take, nasiya ndalama yake pomwepo, poti wakuba sanali. Atacheuka anapeza kumbuyo kwake kuli mzere: Chule wofuna kampopi, Gologolo wofuna loko, ndi Nkhono amene analowa m'sitolomo ali mnyamata, pano ali ndi imvi. Sakhwi anaima pa kabati ngati mwini wake.

"Mayi Chule, kunyumba adzuka bwanji? Kampopi kotani? Aka? Tengani. Agogo Nkhono, musafulumire, nthawi ilipo."

"Nthawi palibe!" anakuwa Mvuu. "Khungu langa likung'ambika!"

"Dikirani pang'ono, bwana, tikuthandiza kaye amene anafika poyamba."

Onse atathandizidwa, Sakhwi anabwerera pa chitseko.

"Bwana, kwatsala kamodzi. Lembani malisiti anayi. Fisi satitulutsa opanda lisiti."

Apa mpamene Mvuu anazindikira.

"Wandipusitsa, kambewa iwe! Ndikatuluka ndikuponda!"

"Mukatuluka, bwana. Nanga mutuluka liti?"

Cholembera chinamveka, kwere kwere kwere. Malisiti anayi anatulukira pansi. Sakhwi anadikira kuti Chule ndi Gologolo atuluke, Gologolo atabereka Nkhono kumsana. Kenako anamenya kamwala kaja chammbali, thee! nalumphira kutali.

Nkuti Mvuu atabwerera m'mbuyo kuti agunde ndi mphamvu zake zonse. Chitseko chinatseguka chokha, iye nkupitirira. Anawomba zitini za penti, phwaa! Anapitirira pa mawilibala, gwedegwede! Fisi anati aime pakhomo kuti afunse lisiti, anapezeka ali m'mwamba, chipewa kwina, iye kwina. Mvuu sanaime mpaka mumtsinje, khuvuu! Ndipo mukamuona lero watukula mutu m'madzi, kukamwa kuli yasaa, musati akuyasamula. Akuitanabe antchito ake. Iwo sanabwerebe.

Sakhwi anafika kwawo dzuwa lisanalowe. Analibe hamala, anakhomera mwala. Anadziphwanya chala kawiri, osamva kuwawa. Anachotsa chiguduli, nachitaya kudzala, natumiza uthenga.

M'mawa apongozi anatulukira, Nangozo ali pambuyo, mtolo pamutu. Sakhwi anapatuka, nakanjuta pafupi ndi nkhokwe. Apongozi anakankha chitseko. Chinatseguka. Anachikoka. Chinatsekeka. Anasuzumira pansi, anasuzumira m'mbali, kufuna poti njoka ingalowere. Panalibe. Anachitsekulanso, nachitsekanso, kasanu konse.

"Auzeni bambo a mapasa," anatero atayang'ana kumbali, "kuti chapendekeka pang'ono. Koma ndi chitseko."

Sakhwi anadzutsa maso kufuna kuona ana kumsana kwa amawo. Kumsanako kunalibe kanthu. Ana a sakhwi sachedwa kukula. Anali akuthamanga okha m'njira, timphuno tili m'mwamba, wina wagwira kale chiwala. Kukwawa kwawo, kudzandira kwawo, zonsezo zinapita iye ali pa mzere wachisanu ndi chinayi.

Wamng'onoyo anaima, namuyang'ana dwii, nathawira kuseri kwa chitenje cha amake.

"Amayi, amenewa ndani?"

"Ndi bambo ako, iwe."

"Nanga anali kuti masiku onsewa?"

Nangozo anatula mtolo. Anayang'ana mwamuna wake, mmene waondera, chala chotupa, maso ali ndi misozi. Anafuna kuseka, anafuna kulira.

"Anali m'sitolo, mwanangu. Tiye, kawapatse moni."

Mwanayo anasendera pang'onopang'ono, nagunditsa kamphuno kake pa mphuno ya bambo ake.

Nthano yanga yagwera pompa, amene wasiya mbatata pamoto akaphule isanasanduke khala. Koma inu akuluakulu amene muli ndi antchito, musamawaphunzitse kugontha. Khutu likagontha silisankha mawu, ndipo tsiku lina woitanayo mudzakhala inuyo.