Ana a Mbuzi ya Wisikesi

Mbuzi ya Wisikesi inalowa m'dimba la a Chapola, eni esiteti amene anangobwera kumene kuchokera m'tauni, n'kudya kabichi mizere itatu. Wisikesi analibe chiweto china, ndipo kanyumba kake kanali pamalo a bwanawo.

A Chapola anabwera ndi pepala lotayipa. "Mbuziyi sindikulanda," anatero. "Koma ana ake onse, ndi ana a ana ake, akhala anga mpaka muyaya. Ukudziwa tanthauzo lake?"

"Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, bwana."

"Ndiye kuti iwe udzafa, ine ndidzafa, koma panganoli silidzafa. Ukakana, usamuke."

Wisikesi anayang'ana mimba ya mbuziyo, yotupa ngati mtsuko, n'kuusa moyo. "Ndavomera, bwana. Koma poti anawo ndi anu, lembaninso kuti madeya a mbuziyi muzipereka ndinu mpaka muyaya womwewo, angabadwe onyentchera."

A Chapola analemba akuseka, Wisikesi n'kudinda chala pamaso pa mboni.

Miyezi isanu ndi iwiri inatha matumba a madeya akupita, mwana osaoneka. A Chapola anaitana alangizi a ziweto kuti aone chochedwetsa. Alangiziwo anawerama kamodzi kokha, n'kudzuka akutsokomola.

"Bwana, iyitu ndi yamphongo. Yofula."

A Chapola anayang'ana mbuzi, anayang'ana pepala lawo, pakamwa pali yasa.

"Musachite manyazi, bwana," anatero Wisikesi. "Inenso pamsika ndinaigula ndikuti ili ndi bere. Ndinadikira chaka chathunthu, khola la ana nditamanga kale."