Nsapato za Bongololo

Kalekale, mphwanga, kuseri kwa phiri kunali Bongololo, wolemera komanso wamtima wabwino. Vuto lake linali limodzi: akafunsa funso, ankaliyankha yekha.

Kuno kudambo kunali Mayi Njoka. Anali ataikira mazira asanu pamtetete, ndipo Khwangwala ankazungulira m'mwamba tsiku ndi tsiku. Chimene mayiyu ankasowa ndi dzenje basi, lobisamo mazirawo. Kukumbatu Bongololo ankakudziwa bwino.

Tsiku lina Bongololo anafika ndi thumba. Anayang'ana Njoka kumutu, anamuyang'ana kumchira, misozi inalengeza.

"Mayi, mukusowa chiyani? Ndaona kale. Nsapato."

Njoka anati atsegule pakamwa, koma anakumbukira kuti mphatso ya mlendo sakana.

"Zikomo, bwana."

Bwanayo atachoka, Njoka anakankhira mazira mu nsapato imodzi. Munali mofunda, munali mobisika. Khwangwala anazungulira, anazungulira, napita ndi njala.

Patatha sabata kunabwera uthenga wakuti bwana akubwera ndi anzake kudzaona chitukuko. Njoka analowetsa mchira mu nsapato inayo, nakwawa uku ndi uku, fumbi koboo. Alendo anawomba m'manja.

"Taonani, wayamba kuyenda," anatero Bongololo, ngati kuti kale Njoka ankauluka. "Nanga inzake ili kuti?"

Anaifuna, anaipeza, anasuzumira. Mazira!

"Mayi, nsapato ndi chovala, si chisa ayi. Mwaphwanya pangano."

Pangano lakelo Njoka anali asanalimvepo. Koma Bongololo anakhuthula mazira pansi, natenga nsapato zonse ziwiri kuti akapatse Nsomba, poti anamva kuti kumtsinje kuli oyamika.

Khwangwala sanachedwe. Onse asanu, mphwanga. Ine zimandiwawa mpaka lero.

Bongololo atamva analira, kulira kwenikweni. Anabwera pamaliro ndi chipepeso, namasula thumba pamaso pa onse. Munali masokosi.

"Ndaganiza mofatsa, mayi. Nsapato zija zinkakulumani."

Njoka anayang'ana masokosi, anayang'ana makoko a mazira ake.

"Zikomo, bwana."

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Koma apa wosafunsa anali wina, wodya phula wina. Ukafuna kuthandiza munthu, funsa, kenako utseke pakamwa. Nawenso wothandizidwa, ulemu usakumange lilime Khwangwala ali pamwamba.

Nthano yanga ndi imeneyo, yathera pomwepo.