Denga Lachikasu la Apenta

Akuti Apenta anakwera nsanja ya m'tauni ali akhungu n'kutsika akuona. Mwamva inunso eti? Pampopi nkhani ndi yomweyi, pagolosale ndi yomweyi, moti mayi wina wogulitsa makala wayamba kale kufunsa ngati pamwambapo amachiritsanso nyamakazi. Bodza limenelo. Ine sindikonda miseche, koma nyumba yathu inagundana ndi ya Apenta, ndipo khoma lake ndi lopyapyala moti munthu akayetsemula uko ife timapepesa kuno. Ndiye khalani pansi mumve mmene zinayendera.

Apenta ndi bambo wachikulire amene moyo wake wonse wathera pamwamba pa nyumba za anthu, kupenta malata. Ali ndi ana awiri. Wamkulu ndi Anti, amene amaluka tsitsi pakhonde la nyumba yawo yomweyo. Wamng'ono amayendetsa takisi, ndipo timawatchula kuti Ahutala chifukwa kugogoda pakhomo sakudziwa, amangoimba hutala mpaka agalu onse amumsewu ayankhe.

Chaka chatha maso a Apenta anayamba kuzima. Kuchipatala sanawabisire: mankhwala angochedwetsa, koma mdima ukubwera ndithu. Mabulashi anauma m'chitini, makwerero anagona kuseri kwa nyumba. Tsiku lina ali pakhonde anaitana ana awo onse awiri.

"Ndisanafike pogwidwa dzanja, ndikufuna ndione denga la mayi anu."

Denga limenelo lili kutsidya kwa mtsinje, panyumba imene Apenta ankakhala atangokwatira. Malemu akazi awo ndi amene anasankha utoto wachikasu, pamene anthu onse ankapaka wofiira kapena wobiriwira. Nyumbayo inagulitsidwa kalekale, koma Apenta ankapitabe kukalipaka dengalo ulere, eni ake n'kumangosekerera.

"Ndalipenta kambirimbiri, koma ndimaliona mphuno ili pamalata," anatero. "Mayi anu ankati likhale loti munthu ali kumwamba aliloze. Ndikufuna ndikaone ngati limaonekadi."

Ahutala anagwedeza makiyi. "Nkhani yake yomweyo? Loweruka lino ndi holide, tikukwera nsanja. Pamenepo tauni yonse mukaiona ngati ili m'mbale."

Anti anali ndi mutu wa kasitomala pakati pa mawondo, chipeso chili pakamwa. Anachilavulira m'manja.

"Tatembenuka iwe, uyang'ane uko. Nsanjayo ukuiona?"

Inali nyengo yotentha, kumwamba kuli mbuu fumbi ndi utsi. Nsanja imene masiku ena imaoneka bwinobwino kuchokera pakhondepo inali ngati kamtengo kobisala m'nkhungu.

"Chinthu chachikulu ngati chimenecho chikutivuta kuchiona. Nanga bambo akaona bwanji kadenga ali pamwamba pake? Dikira mvula igwe, itsuke kumwambaku. Ndipo tikapite tsiku lopanda anthu."

"Mvula? Achemwali, maso a bambo adikira mvula? Inu mutu umodzi mumaluka tsiku lonse, ndiye mumaona ngati dziko lonse limayenda choncho."

Anti anapitiriza kuluka. Mawuwo anawalasa, chifukwa penapake anali oona: maso a bambo awo sankadikira munthu.

Loweruka linafika, Ahutala n'kunyamula bambo awo dzuwa lili paliwombo. Za kumeneko ndinamva kwa akazi a Ahutala, amene anapita nawo, ndipo mayi ameneyo pakamwa pake mpotseguka kuposa panga. Akuti mzere unazungulira nsanja ngati njoka yakhuta mazira. Ana akulira, ojambula zithunzi akukoka anthu malaya, thukuta lili kamukamu. Apenta anaima pamzerepo mpaka kutoperatu. M'chikepe anapanikizana ngati machesi m'bokosi. Atafika pamwamba, aliyense anali atatukula foni, chigongono cha uyu m'nthiti mwa uyo. Ahutala anakankha anthu mpaka anawaimika bambo awo pagalasi.

Apenta anayang'ana. Anapukuta maso, n'kuyang'ananso.

"Mwana wanga, ine ndikuona utsi wokhawokha."

Apa mpamene Ahutala anaphonya zenizeni. Iwowo ngakhale mtsinje sankauona, koma manyazi anawagwira, poti ndi iwo anakakamira tsikulo. Anangotukula chala n'kuloza m'chimbuuzimo.

"Ilo apo, bambo! Lachikasu, likuwala!"

"Iwe ukuliona?"

"Bwinobwino."

Apenta anachoka pagalasipo. Kenako anati, "Ndiye basi. Anga atha. Tiyeni kunyumba."

Kuyambira tsiku limenelo sanatulukenso pakhonde. Anatseka makatani, wailesi anaizimitsa, chakudya chinkabwerera mmene chalowera. Ife kuseri kwa khoma tinasowa ndi chifuwa chawo chomwe. Mumsewu anthu anayamba zawo: ena akuti Apenta achita khungu, ena akuti Anti ndi wouma mtima, akanapita nawo kalekale maso akadalipo.

Anti anawapanikiza achimwene awo kuseri kwa nyumba, pafupi ndi windo lathu, ine ndikutsuka mbale pang'onopang'ono kuti zisasokose.

"Ndiyang'ane. Dengalo unaliona?"

Ahutala anakanda m'mutu. "Ndimafuna asangalale."

"Ndafunsa kuti unaliona?"

"Ngakhale mlatho sindinauone, achemwali."

Onse awiri anakawauza Apenta zoona zake, koma iwo anangoseka kaphwete kowawa. "Mwagwirizana kuti mundinyengerere ngati khanda. Zikomo, ana anga. Tsekani chitseko."

Tsopano Ahutala anagundika kuti apitenso mawa lomwelo akakonze zimene anawononga. Anti anakana kwamtuwagalu.

"Akakwera kachiwiri osaona kanthu, kachitatu sadzakwera. Ulendo watsala umodzi, ndipo suutaya iwe."

Kudikira kumeneko sikunali kwamasewera. M'mawa uliwonse Anti ankatuluka ndi tsache, koma asanasese ankayamba ayang'ana nsanja. Mbuu. Mitambo inkasonkhana masana, anthu n'kuanula zovala, madzulo n'kubalalika osagwetsa ndi dontho lomwe. M'nyumbamo Apenta anayamba kuphonya kapu patebulo. Tsiku lina ndinakawapatsa moni, anandiyankha ngati ndine mayi anga. Anti anamva zonsezo ali pamutu pa kasitomala. Ahutala ankangobwera n'kuima pageti.

"Mwaona? Mudikira mpaka adzakwere ndi ndodo yoyera."

"Pita ukanyamule anthu," ankatero Anti, koma akatero ankalowa kubafa n'kutuluka maso ali psuu.

Kenako mvula inagwa. Inayamba Lolemba, yamkuntho, yogwetsa mipanda, n'kuchezera. Lachiwiri m'mawa inkawazabe, msewu wonse uli matope okhaokha. Anti anali akuluka mkazi wa aphunzitsi, mayi wokonda kulamula uja, ndipo anali atafika pakati pa mutu pamene mvula inakata. Anti anadzutsa nkhope. Nsanja inali njo, yoyera ngati yachapidwa ndi sopo, mawindo ake oti munthu n'kuwawerenga.

Chipeso chinagwa pansi.

"Mayi, mangani kaye duku."

"Chiyani? Mutu wanga uli theka!"

"Theka linalo silithawa."

Anaimbira Ahutala, n'kulowa kuchipinda. Ndinamva makatani akukokedwa mwamphamvu.

"Bambo, valani nsapato."

"Ndisiye, mwana wanga."

"Mukapanda kuona lero, sindidzakuvutitsaninso mpaka kalekale. Koma lero lokha mundimvere. Inu munandiphunzitsa kuti penti sapaka pamalata afumbi. Kumwamba kwatsukidwa, bambo. Dzukani."

Kenako bedi linalira, ndipo ndinamva Apenta akufunsa kuti chipewa chawo chili kuti.

Kunsanja anapeza kuli zii. Ndani angapite kokaona malo Lachiwiri m'mawa, kuli matope, mitambo ikadali m'mbali? Wogulitsa matikiti ankawodzera. Chikepe chonse chinali chawo, moti akazi a Ahutala, amene ulendo sauphonya, akuti anavinamo pang'ono. Pamwamba panali mphepo yozizira basi. Asanafike pagalasi, Anti anawakoka malaya achimwene awo.

"Iwe, manja m'thumba, pakamwa potseka. Wolozera palibe lero."

Apenta anagwira chitsulo cha m'mphepete ndi manja onse awiri. Anatsinzina, n'kutsegula. Anthu atatu kumbuyo kwawo anasiya kupuma.

"Chonyezimira icho ndi mtsinje," anatero pang'onopang'ono.



"Chakuda chopingasacho ndi mlatho." Chala chawo chinayamba kuyenda pagalasi, kuwoloka mlatho, kukhotera kumanzere, kukwera pang'ono. Chinaima.

"Ilo!"

Akuti anakuwa moti mlonda anabwera chothamanga. Pakati pa madenga ofiira ndi otuwa panali kadontho kachikasu, konyowa, kakuwala ngati kandulo.

"Ilo, ana inu! Lili lokhalokha tauni yonseyi!" Anasuzumiranso, nkhope n'kuchita tsinya. "Koma labuluu loyandikana nalolo wapenta ndani? Mbali ina yakuda, ina yoyera. Ameneyo bulashi amagwira ndi phazi?"

Apa Ahutala analira ngati mwana, chifukwa denga labuluulo analionadi, ndipo linalidi la mawangamawanga. Panalibenso zonyengererana. Apenta anavula chipewa n'kuyang'ana kumwamba.

"Mayi a ana, likuonekatu. Munanena zoona."

Anakana kutsika mpaka atawasonyeza ana awo madenga ena onse amene anapenta, la sukulu, la msika, la fakitale ya sopo, kwinaku akunyoza a anzawo. Pobwera anafika akuimba nyimbo, n'kupempha chakudya asanakhale n'komwe pansi, ndipo anawonjezera kawiri. Mkazi wa aphunzitsi anali akadali pakhonde ndi duku lake, atakonzeka kukalipa, koma ataona nkhope ya Apenta anangoti, "Lukani, mundiuze zonse."

Maso aja sanachire ayi, akuzimabe. Koma Apenta anabwerera pampando wawo wa pakhonde, ndipo kasitomala aliyense wobwera kudzalukitsa amachoka atamva za denga lachikasu, afune asafune. Ahutala masiku ano akanyamula alendo ofuna kukwera nsanja, amayamba atulutsa mutu pawindo n'kuyang'ana kumwamba, kenako n'kuwalangiza ngati nzeruzo anabadwa nazo. Anti amangowayang'ana n'kupitiriza kuluka.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ukaigogoda kuti ifulumire imangobwerera m'chigoba, ngati mmene Apenta anadzitsekera kuchipinda. Komatu kudekha kumeneko n'kosavuta kukuyamikira zinthu zitatha bwino. Mukanakhala inu pakhonde paja, bambo anu akuphonya kapu patebulo, msewu wonse ukukunenani, mitambo ikungodutsa osagwetsa kanthu, mukanadikira mvula?