Kandulo Yachinayi ya ku Chiputula

Adventi ya chaka chimenecho idapeza Mayi Fyness atakwera pampando, tsache lili m'manja, akulimbana ndi akangaude a kudenga. Ku Chiputula, wosawadziwa mayi amenewa ndiye kuti adali mlendo. Anthu ankawaitana kuti NyaMhone, kwawo ku Nkhata Bay, ndipo m'tchalitchi ankakhala kutsogolo kwenikweni, duku litamangidwa mwaluso, kolona itapiringizidwa kudzanja.

Mphakati wawo, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba, udali ndi mwambo wake. Lamulungu lililonse la Adventi masana, akhristu ankasonkhana m'nyumba ya mmodzi wa iwo atanyamula nkhata ya nthambi za paini yokhala ndi makandulo anayi, n'kuyatsa kandulo ya sabata imeneyo, kumva Mthenga Wabwino ndi kugawana mawu. Kandulo yachinayi, yotsiriza Khrisimasi isadafike, idagwera kunyumba kwa Mayi Fyness. Anzawo adaona ngati ndi pemphero chabe, koma iwo adachitenga ngati mpikisano.

Vuto lidali limodzi, ndipo silinkabisikanso ndi chitenje. Mwana wawo Esme, mtsikana wa fomu yachitatu amene ankatsogolera nyimbo pamphakati, adali ndi pakati, masiku ake atayandikira. Mnyamata yemwe adampatsa pakatipo adali atazemba kalekale, osadziwika kolowera. Kwa miyezi Esme adakhala womangika kuchipinda, alendo akabwera n'kumauzidwa kuti akuwerenga. Koma mphakati wonse ukadzadza pabalaza, wina wofuna madzi, wina wofuna kuchimbudzi, chinsinsi chikadakhala kuti?

"Adada a Esme," adatero Mayi Fyness m'mawa wina akuthira tiyi, "mwanayu apite kwa mlongo wanu Mabel ku Salisbury Lines. Adzabwera Khrisimasi ikatha."

A Goodwell, amuna awo, adali mphunzitsi wofatsa mopitirira muyeso. Adaika kapu pansi. "NyaMhone, mwana watopa uyu. Kwa Mabel n'chipinda chimodzi, mvula ikagwa madzi amalowa mpaka kunsi kwa bedi. Mimba yoyamba imafuna mayi wake pafupi."

"Mukufuna anthu adzayatse kandulo pamaso pa mimba ya pathengo? Ine ndi mlembi wa amayi kutchalitchi, adada. Pakamwa pa anthu a ku Chiputula mukupadziwa chomene."

"Nanga Mulungu?"

"Mulungu amvetsa. Anthu ndiye samvetsa."

A Goodwell adangopukusa mutu n'kunyamula mabuku awo. Kufatsa kwina n'kwabwino, koma kwina ndi mantha ovala jekete. Tsiku lomwelo Esme adakwezedwa pakabaza mvula ikuwaza, chikwama chili pamiyendo. Sadalire. Adangofunsa kuti, "Amama, zikayamba mudzabwera?" Mayi ake adayankha akuyang'ana kumsewu ngati pali wina akuona: "Ndikamaliza za mphakati."

Ndiye ntchito idayambika. Khoma lidapakidwa penti wachikasu, makatani akale adatsitsidwa, simenti idakhulidwa ndi polishi mpaka munthu n'kudziona nkhope. Chipinda cha Esme chidasanduka mosungira mipando yobwereka. A Mabel adaimba foni kuti miyendo ya mwana yatupa, Mayi Fyness adati amukhazike m'madzi ofunda. Adaimbanso kuti akufunsa za amayi ake, iwo adati, "Mulamu, ndili pakati pa ntchito ya Mulungu." Ntchito ya Mulunguyo idali kusoka nsalu ya patebulo.

Chonyansa koposa chidachitika m'kati mwa sabata yachitatu, pamene Bambo Mfumu adakhala tsiku lonse akumva kulapa kokonzekera Khrisimasi. Mayi Fyness adaima pamzere manja atapinda, maso pansi, ngati chithunzi cha pakalendala. Atagwada adalapa kuti adaphonya kolona masiku angapo ndiponso kuti adakalipira mnyamata wopenta. Za Esme sadatchule n'komwe, chifukwa m'mutu mwawo wochimwa adali Esme, iwo adali ochimwiridwa. Adatuluka mtima uli mbee, n'kudzera kumsika kukasankha nkhuku.

Lamulungu lachinayi lidafika ndi nkhungu ya ku Mzuzu. Akhristu adavula nsapato pakhonde, akuopa kudetsa. "Monire mose! Lowani, lowani," ankatero Mayi Fyness, mano onse ali pamtunda. Fungo la mpunga wa Kilombero ndi nkhuku lidadzaza nyumba, ndipo aliyense wolowa ankayamikira: "Nyumba yatowa chomene, NyaMhone!" Iwo ankayankha kuti "Yewo, yewo," mtima ukuvina.

A Zebedee, wapampando wa mphakati, adaika nkhata patebulo n'kuyatsa makandulo onse anayi. Atafika poti nyimbo iyambe, padakhala chete. Mkuluyo adayang'ana uku ndi uku. "Kodi wotiyambitsira nyimbo ali kuti? Esme sitidamuone nyengo yonseyi."

"Ali ku Nkhata Bay kwa agogo ake, akupuma," adatero Mayi Fyness, osaphethira n'komwe, makandulo anayi akuyaka patsogolo pawo. A Goodwell adazolika.

Nyimbo idayimbidwa yozizira, kenaka a Zebedee adawerenga Mthenga wa tsikulo, wonena za Maria amene atamva kuti mbale wake Elizabeti ali ndi pakati, adanyamuka mofulumira kukwera mapiri kukamuona. Nthawi yogawana mawu itakwana, adaimirira Mayi Gracious, wogulitsa tomato pamsika wa Chiputula, munthu wosadziwa kukulunga mawu.

"Ine mawu andilasa," adatero. "Maria sadadikire kuti amalize kukolopa. NyaMhone, mundikhululukire, koma Salisbury Lines si Nkhata Bay. Esme ndidakumana naye Lachiwiri akuchokera kusikelo, yekha, nsapato zili m'manja, matope mpaka m'mawondo. Tonse tikudziwa, timangosunga ulemu wanu. Koma bodza pamaso pa makandulo awa, iyayi. Ngati Elizabeti wathu ali kudambo kuja, ife tikuyembekezera chiyani pamipando yabwinoyi?"

Mayi Fyness adaima mwaukali. "M'nyumba mwanga? Mwadya kale mchere wanga kangati, lero mundiyalutse m'nyumba mwanga?"

"Palibe akukuyalutsani, amama," adatero a Zebedee modekha. "Tiyeni tonse limodzi. Pemphero tikamalizire komweko, inu mutitsogolere njira."

Apa ndiye padali khomo lotseguka, ndipo munthu wanzeru akadalowapo. Akadangotenga ambulera, akadalira pang'ono panjira, nkhani ikadathera pomwepo. Koma kudzikuza n'chinthu choipa! Mayi Fyness adakhala pansi n'kupinda manja. "Pitani. Ine ndili ndi chakudya pamoto."

A Zebedee adazimitsa makandulo n'kunyamula nkhata. Mmodzimmodzi akhristu adavala nsapato zawo. Womaliza kutuluka adali a Goodwell, amene kwa nthawi yoyamba m'banja lawo sadapemphe chilolezo. Mayi Fyness adatsala ndi mipando yobwereka, miphika yodzadza ndi fungo la penti. Adakhala akudzitonthoza kuti anthuwo ndi ansanje, nyumba yawawawa m'maso.

Matenda adamuyamba Esme mawa lake masana. A Goodwell adaimba foni, koma mayiwo, mkwiyo udakali pakhosi, adati, "Aitaneni a mphakati anu aja." Ndipo a mphakati adapitadi. A Mabel ndiwo adamperekeza kuchipatala, ndiwo adamgwira dzanja zinthu zitavuta mpaka madokotala kuganiza zong'amba. Amayi a mphakati ankasinthana kudikira panja, wina ndi fulasiki ya phala, wina ndi kolona. Kudikira kwenikweni kwa Adventi kudachitikira pabenchi yozizira imeneyo, pamene Mayi Fyness ankasita yunifolomu ya Khrisimasi. Mwana adabadwa wamkazi, ndipo a Mabel adamutcha Rejoice.

Pa Misa ya Khrisimasi m'mawa, Mayi Fyness adakhala pamalo awo a kutsogolo. Palibe adawanyoza, palibe adawalankhula zoipa, ndipo chimenecho ndicho chidawapweteka. Atagwada pakhola lomwe achinyamata adamanga ndi udzu, n'kuona kachifanizo ka khanda katagonekedwa modyera ng'ombe, adakumbukira khanda la Esme lomwe adali asadalionebe. Misa itatha adagula beseni, sopo ndi chitenje chatsopano, n'kukwera kabaza wa ku Salisbury Lines. Ngakhale pamenepo ankakonza m'mutu mawu oti akamukhululukire Esme, osati oti akapepese.

Adapeza kachipinda ka a Mabel kadzadza. Pansi padali ponyowa, ndowa idali pakona kulandira madzi odontha kudenga, koma anthu ankaseka. Esme adali pamphasa atatsamira khoma, wowonda nkhope, khanda lili pachifuwa.

"Monire, amama," adatero, ngati akulonjera mayi woyandikana naye nyumba.

"Ndabwera kudzakutenga. Zakale zapita, ndakukhululukira. Chipinda chako ndichotsamo mipando."

"Yewo, amama, koma musavutike. Ndikhala konkuno kwa ankhazi a Mabel. Sukulu ndidzayambiranso kuchokera kuno, adada avomera." Adayang'ana a Mabel, kenaka amayi ake. "Ndinkakuitanani m'chipatala muja. Ndinkakuwa dzina lanu mpaka mawu adatha."

Nthawi yomweyo khanda lidayamba kulira. Mayi Gracious, pofuna kukonza zinthu, adati, "Esme, mpatse agogo ake amutonthoze."

Mayi Fyness adaika beseni pansi msangamsanga, adapukuta manja pachitenje n'kuwatambasula. Esme adanyamula mwana mosamala, adatembenuka, n'kumuika m'manja mwa a Mabel. Sadachite mwachipongwe. Adangochita zimene adauzidwa, monga momwe mtima wake udamvera.

Manja aja adatsala m'malere mpaka mwiniwake adawabweza yekha. Madzulo ake adabwerera ku Chiputula, kunyumba yokongola kuposa zonse mumzerewo, yomwe odutsa ankaiyamikirabe. Adakhala pabalaza okha, misozi ikutsika, ndipo padalibe wowafunsa chomwe akulirira. Adali atakonzekera Khrisimasi ndi tsache ndi penti, mtima osaukhudza, ndipo mwana atabadwa adapeza malo kwina. Akuluakulu sadaname: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.