Awiri Otsala Pakhonde

Disembala akangolowa, nyumba ya Mayi Ndilipo inkasiya kukhala nyumba. Pabalaza pankadzaza makatani a kutchalitchi, maluwa apulasitiki ali mbwee pansi, timagetsi tothwanima titapiringizana pamwendo wa tebulo. Wofuna madzi akumwa ankachita kudumpha angelo amakatoni kuti akafike kukhitchini.

Dzina limeneli mayiwa sanabadwe nalo, analitola kutchalitchi. Abusa akangoti, "Kodi ndani angatithandize…" mawu asanathe n'komwe, dzanja linali litakwera kale. "Ndilipo, abusa!" Komiti yokongoletsa, alipo. Ya zakudya, alipo. Kwaya ya amayi, alipo, ngakhale kuti mawu awo ankadzera njira yawoyawo. Malo amodzi okha ndi amene Mayi Ndilipo sankapezekapezeka, ndiwo kunyumba kwawo.

Kunyumbako kunali amuna awo, a Kalipentala. Matenda ofa ziwalo anali atawalanda mkono ndi mwendo wakumanzere, n'kuwakhazika pachikuku cha odwala. Pakamwa panapotoka pang'ono, koma mutu unali bwinobwino, ndipo nthabwala zawo sizinafe ziwalo.

Zaka makumi atatu m'mbuyomo, manja onse akadali awo, bambowa anasema kamwana kamtengo koimira Mwana Yesu. Chaka chilichonse pa Khirisimasi, abusa akawerenga n'kufika pamene khanda lija linagonekedwa modyera ziweto, mpingo wonse unkaimirira n'kutembenukira kukhomo. A Kalipentala ankalowa pang'onopang'ono atanyamula kamwanako, n'kukakagoneka paudzu kutsogolo. Akatero, kwa iwo Khirisimasi yakwana. Chaka chapitacho anali gone kuchipatala, ndipo kamwanako kanagonekedwa ndi manja a munthu wina.

"Mayi," anatero m'mawa wina akazi awo akufufuma ndi kuuzira baluni, "chaka chino ndikupempha chinthu chimodzi. Ndikufuna ndikamugoneke ndekha mwanayu. Dzanja limodzi lilipo. Za chaka chamawa sindikudziwa. Adokotala aja ankalankhula monong'ona, koma makutu angawa sanafe."

"Aa, bambo, zimenezo n'zovuta ngati? Dikirani ndilembe."

Analembadi, chifukwa mayiwa sanali munthu woiwala zinthu. Anali ndi mndandanda wa ntchito zonse za Khirisimasi m'kope la chikuto chofiira. Amuna awo ndi Mwana Yesu analowa pa nambala 27, pansi pa mabaluni.

Musawaweruze msanga, anali ndi chifukwa chachikulu. Chaka chapitacho mpingo wa kutsidya kwa msewu unabweretsa zimkuzamawu zomwe zinameza ulaliki wonse wa mbali ino, ndipo amayi akumeneko anayenda mwezi wathunthu mapewa ali m'mwamba. Mayi Ndilipo chinawawawa. "Chaka chino ationa," ankatero. Kuti Ambuye anabadwa n'cholinga choti a kutsidya atione, zimenezo sizinalembedwe paliponse, koma mayiwa ankazikhulupirira ndi mtima wonse.

Kale banjali linkayamba tsiku ndi pemphero, awiriwiri. Mwezi umenewo mwambo unasintha. Mayi ankadzuka nsapato zili kale kuphazi.

"Bambo, mundipempherereko komweko. Ine ntchito ya Ambuye yandichulukira."

"Ndikupemphererani, mayi. Kungoti Ambuyewo akumandifunsa kuti wantchito wawoyu adzaonana naye liti."

"Inu ndi nthabwala zanu!" Chitseko pha, wapita.

Tsiku la Khirisimasi mayiwa anachita zonse mwadongosolo, tisawanamizire. Dzuwa lisanatuluke anawasambitsa amuna awo, kuwaveka malaya oyera, tayi ndi jekete la paukwati wa mwana wawo. Anawakankhira pakhonde kuti galimoto ikabwera asachedwe, n'kuwaikira kamwana kamtengo pamiyendo. A Kalipentala anakapukuta kumaso ndi chala chachikulu, nkhope ili ngwee ngati mwana wa sukulu tsiku la ulendo.

Kalole ka mlamu wawo, mng'ono wake wa a Kalipentala, kanafika. Anakwezamo mipando, makatani ndi zimkuzamawu zinayi zobwereka, chilichonse msinkhu wa munthu.

"Malo atha, bambo. Ulendo wachiwiri ndi wanu."

Ulendo wachiwiri unafikadi. Anakweza angelo, maluwa, mabaluni, ndipo potsiriza mayi anatuluka atanyamula keke ya nsanjika zitatu, akuyenda monyang'ama.

"Alamu," anatero mwini kalole, "achimwene tiwakweze kutsogolo kuno, chikuku chikwere kumbuyo."

"Nanga keke ikhala pati? Kumbuyo ikaphwanyika. Ndipo dzuwa likakwera isungunuka. Bambowa sasungunuka."

A Kalipentala anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Pitani, mayi. Ife osasungunuka tidikira."

Mayi anakhoma chitseko, poti akuba nawo amakonda Khirisimasi, n'kuponya makiyi m'chikwama. Anakhala kutsogolo keke ili pamiyendo, akuisisita bokosi lake pa bampu iliyonse. "Mphindi khumi zokha, bambo!" anakuwa kalole katayamba kale kuyenda.

Kutchalitchi anakapeza ntchito ili yawayawa. Atalumikiza timagetsi tonse ndi zimkuzamawu zonse pa soketi imodzi, panamveka thu, magetsi onse zii. Mlamu anatumidwa kukasaka jenereta. Atabwera nayo thukuta lili kamukamu, anafunsa, "Nanga achimwene?"

"Ndikudziwa, ndikudziwa," anayankha mayi mapini ali kukamwa. "Tangokwerani kaye pamakwerero apa. Chimkuzamawu chimodzi chikhale padenga, chiyang'ane kutsidya."

Mlamu anakwera. Atatsika anapatsidwa nyenyezi yoti apachike. Atapachika, mngelo wina anathyoka phiko. Phiko litamatidwa, zinapezeka kuti amayi awiri a kwaya avala mipango yosiyana ndi anzawo, mlandu waukulu womwe sukanadikira. Mlamu uja, poona kuti anthu a magalimoto afika ambiri, anangoganiza kuti wina watumidwa kale kunyumba. Anakakhala kumbuyo n'kumapuma.

Mapemphero atangoyamba, kumwamba kunada ndipo mvula inagwa yamphepo. Apa ndiye Mayi Ndilipo anaonetsa kuti ndi mayi wachifundo. Anathamangira panja, osasamala za tsitsi lomwe anakonzetsa dzulo lake, n'kupulumutsa mabaluni onse a pakhomo. Ngakhale limodzi silinanyowe. Keke anaifunditsa nsalu yawo yatsopano. Atabwerera m'kati anaima pambali n'kuunguza ntchito ya manja awo: makatani ali pyoo, angelo ali ndi mapiko onse, khola la kutsogolo likuthwanima mitundu isanu. Mawu a kwaya ankagwedeza malata, ndipo a kutsidya sankamveka n'komwe. Mtima wawo unati myaa.

Abusa anatsegula Buku Loyera n'kuyamba kuwerenga za usiku wa kubadwa kuja. Atafika pa mawu a modyera ziweto anaima, monga mwa chaka chilichonse. Mpingo wonse unaimirira n'kutembenukira kukhomo. Nawonso Mayi Ndilipo anatembenuka, akumwetulira, kudikira limodzi ndi anzawo.

Pakhomo panalowa mphepo yokha.

Anthu anadikira. Wina anatsokomola. Woimba limba anabwereza kanyimbo kake kachiwiri, kenaka kachitatu, n'kusiya. Timagetsi tinapitiriza kuthwanima mokhulupirika pamwamba pa udzu wopanda kanthu. Abusa anasuzumira pamwamba pa magalasi awo, ndipo poiwala kuti cholankhulira chili pakamwa, anafunsa, "Mayi Ndilipo, kodi mwanayo ali kuti?"

Zimkuzamawu zija zinagwira ntchito yomwe anazibwerekera. Funsolo linatuluka padenga, kuwoloka msewu, kulowa m'mawindo a mpingo wa kutsidya, n'kupitirira mpaka kumisika ndi m'makomo a anthu. Dera lonse linamva kuti ku tchalitchi chokongola chija kuli zonse, koma mwana kulibe.

Mayiwa mwachizolowezi anatsegula kope lofiira lija, ngati kuti yankho likasintha. Mizere yonse inali yochongedwa bwinobwino, kuyambira mipando mpaka mabaluni. Wosachongedwa unali umodzi. Pamene ankatseka kopelo, m'chikwama munalira makiyi a nyumba.

"Alamu! Galimoto!"

Anauyamba ulendo wa kunyumba. Madzi ankathamanga m'mbali mwa njira, ndipo mayi ankangoona chitseko chomwe anakhoma ndi dzanja lawo, ndi khonde lawo lalifupi lomwe mvula yamphepo imalowa mpaka kukhoma. Anthu oyandikana nawo onse anali kumapemphero. Munthu wa dzanja limodzi chikuku sangachiyendetse, chimangozungulira pamodzimodzi.

Anawapeza pomwe anawasiya. Chikuku chinali chitatembenuka pang'ono, kusonyeza kuti anayesa. Madzi ankatsika m'mutu, kudzera m'khosi, mpaka m'nsapato. Anali atawerama, dzanja lamoyo lija litagwira jekete pachifuwa mwamphamvu. M'kati mwa jeketelo munali kamwana kamtengo, kouma bwinobwino.

Mayi Ndilipo anagwada m'madzi momwemo, diresi la Khirisimasi ndi matope omwe. Mawu omwe ankadzaza misonkhano ya makomiti atatu anasowa. Chomwe chinatuluka n'chakuti, "Bambo, ndikhululukireni."

A Kalipentala anadzutsa mutu, mano akugundana. "Zimkuzamawu zanu n'zabwino, mayi. Zonse ndamva, ngati ndili pabenchi yoyamba. Abusa atafunsa kuti mwana ali kuti, ndinayankha kuti ali kuno. Kungoti ine ndilibe chimkuzamawu."

Mayiwa analira ngati pamaliro. Akanakalipiridwa bwenzi zili bwinoko.

"Musalire," anatero bambowo. "Sindinali ndekha. Munatisiya awiri."

"Tiyeni, tikafikabe. Anthu akudikira. Alamu, nyamulani mbali iyo!"

Mlamuyo anagwira mkulu wake pamphumi, kenaka m'manja, n'kupukusa mutu. "Alamu, munthuyu wakhala panja maola anayi, wazizidwa. Kumene akupita ndi m'bulangete. Tsegulani chitseko."

A Kalipentala sanatsutse. Thupi linali litawauza kale. Anatulutsa kamwana kaja m'jekete, kukayang'ana nthawi yaitali, n'kukapukutanso kumaso ndi chala chachikulu. Kenaka anakapereka kwa mng'ono wawo.

"Pita ukamugoneke iwe. Mutu uloze kumanja, ndi mmene amagonera. Usathamange naye, uziyenda pang'onopang'ono."

Kalole kanapita. Mayi anawavula zonyowa, kuwafunditsa mabulangete onse a m'nyumba, n'kuwamwetsa tiyi ndi supuni. Ali m'kati motero, chimkuzamawu cha padenga chija chinawabweretsera nyimbo ya mpingo mpaka kuchipinda, chizindikiro chakuti mwana wagonekedwa. A Kalipentala anatsinzina n'kumayendetsa milomo motsatira. Msozi umodzi unatsikira m'khutu. Akazi awo anakhala m'mphepete mwa bedi atagwira dzanja lakufa lija, ndipo aka kanali koyamba mwezi wonsewo kukhala pansi popanda chogwira china.

Keke anthu anadya, ndipo akuti inali yokoma kwambiri. A kutsidya nawo anaonadi, monga mayi ankafunira. Mpaka Isitala, amayi akumeneko akakumana nawo pamsika ankawapatsa moni mwaulemu wonse, kenaka n'kufunsa, "Nanga mwana ali bwanji, anapezeka?"

Chifuwa cha tsiku limenelo a Kalipentala anachira patapita milungu itatu, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso ngakhale kamodzi. Koma adokotala aja sankanong'ona pachabe. Khirisimasi ina bambowa sanaione.

Disembala wotsatira atalowa, abusa anafunsa monga mwa nthawi zonse, "Kodi ndani angatithandize kukongoletsa?" Mitu yonse inatembenukira pa benchi ya Mayi Ndilipo. Dzanja silinakwere. Atatuluka, mayiwa anatsatira abusa n'kupempha ntchito imodzi yokha. Tsiku la Khirisimasi analowa pakhomo atanyamula kamwana kamtengo, akuyenda pang'onopang'ono, n'kukakagoneka mutu utaloza kumanja. Makatani chaka chimenecho anali opendekeka, mabaluni anayi okha, ndipo a kutsidya anawameza ndi phokoso. Mayi sanazione zimenezo. Anagwada paudzu paja nthawi yaitali, mpaka mlamu wawo anachita kudzawadzutsa.

Kope lofiira lija akalisungabe, ndipo mzere wa 27 sanauchonge mpaka lero. Mtsikana wina wa changu atasankhidwa kutsogolera komiti n'kubwera kudzabwereka mndandandawo, mayi anamutsegulira tsamba lomwelo n'kuloza ndi chala.

"Mwanawe, zonsezi ndinakwanitsa, ndipo anthu anaombera m'manja. Chomwe anandipempha bambo ako aja chinali ichi chokha. Uyambire apa, zinazo ukazipeza."

Akuluakulu sananame pamene anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.