Tsamba Limene Linakana Kutseguka

Pa kampani ina yogulitsa mbewu ku Limbe, bwana Kalimbuka anaitana Tiyanjane, amene ankayang'anira makompyuta.

"Pali anthu akuonera mpira pa intaneti nthawi ya ntchito. Undipatse mayina awo, apo ayi uchoka ndiwe."

Tiyanjane ankawadziwa onse, ndipo ankadya nawo limodzi masana.

"Bwana, mayina ndikhoza kulakwitsa," anatero. "Bwanji ndisinthe DNS, ija imalozera makompyuta njira yopita ku masamba a pa intaneti? Ndiika ya kampani ina, imene imatseka masamba a mpira. Amene abwere kudzadandaula kuti intaneti yavuta, wolakwa ndi yemweyo."

"Ameneyo ndimuchotsa ntchito onse akuona," anatero bwana akumwetulira.

Tiyanjane anasintha manambala a DNS pa rauta imene imagawa intaneti mu ofesi monse, kenako ananong'oneza anzake kuti aliyense atseke pakamwa.

Lachitatu masana mpira utayamba, mu ofesi munali zii. Posakhalitsa chitseko cha bwana chinatseguka.

"Tiyanjane, intaneti yako ija yafa."

"Pepani bwana. Imelo ikukana?"

"Imelo ikuyenda."

"Nanga za kubanki?"

"Zikuyendanso."

"Ndiye ndi tsamba liti likukana, bwana? Mungolitchula, ndikonze pompano."

Onse anasiya kutaipa n'kutembenuka. Bwana anayang'ana kudenga, anakonza tayi, kenako anatsokomola.

"Latseguka lokha," anatero, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Patapita kanthawi, m'katimo munayamba kumveka kawailesi, kakulengeza mpira chapansipansi.