Nsanja Imene Inagwera Woliza Belu

Kalekale, pamtunda pena panali tchalitchi chakale kwambiri, chomangidwa ndi makolo amene ngakhale manda awo anaiwalika. Makoma ake anali a njerwa zootcha zomatidwa ndi matope, ochindikala moti mwana ankatha kugona pazenera. Denga linali laudzu, lotulukira kunja ngati chipewa cha mlimi, ndipo kumaso kunali nsanja yaitali. Woliza belu anali a Chikakwiya, koma belu lakelo, musaseke, linali chitsulo cha gudumu la galimoto. Akazi awo, Anangondo, ndiwo ankasesa m'tchalitchimo. Anali ndi ana aamuna atatu, onse amisiri.

Tchalitchi chitayamba kudontha ndi kung'aluka, Anangondo anasowa mtendere. Anaitana ana aja nati, "Anthu akutiseka, inu! Amisiri atatu pakhomo limodzi, nyumba ya Mulungu n'kumaoneka ngati khola la mbuzi? Ine manyazi andikwana."

Wamkulu, Yotamu, anakwera padenga. Anasasula udzu wovunda uja n'kukhoma malata. Kudontha kunatheratu, mitanda imene inayamba kuola inapulumuka, ndipo anthu anasiya kupemphera atafunda masaka. Koma malatawo anali aafupi. Madzi amene kale ankagwera kutali, tsopano ankangothira m'tsinde mwa khoma n'kumalowa m'maziko.

Wachiwiri, Sofeti, anamata ming'alu yonse. Anapaka simenti mkati ndi kunja, pamwamba pake laimu, tchalitchi mbee! Anthu ankachokera kutali kudzamangitsa maukwati pamenepo. Komatu abale, khoma la matope limafuna kupuma: likanyowa dzinja, limauma chilimwe. Simenti ija inatsekera chinyontho mkati, matope n'kumasanduka phala, kunjaku kukuwala bwinobwino.

Mzime, Malizani, zinkamuwawa kuona bambo ake okalamba akumenya gudumu ndi nyundo, ana n'kumawayeserera. Anapita kutali kukagwira ntchito, ndipo anabwerako ndi belu lenileni lamkuwa, lolemera ngati ng'ombe. Analipachika pamwamba penipeni pa nsanja. Tsiku limene a Chikakwiya anakoka chingwe koyamba, mkulu wathunthu uja analira pamaso pa anthu, chimwemwe chokhachokha. Koma belu likagwedezeka, nsanja nayo inkagwedezeka pang'ono, ndipo palibe amene anazindikira.

Lamulungu lina m'mawa, mvula itagwa sabata yonse, Anangondo anali kusesa pabwalo, amuna awo akuliza belu. Anangomva belu lija ladukiza pakati, kenako gumu! Fumbi kobo! Kalanga ine! Anathamanga akukuwa, "Bambo a Yotamu! Bambo a Yotamu!" Anafukula njerwa ndi manja mpaka zala kutuluka magazi. Anawapeza pansi pa belu, chingwe chili m'manja, atatsirizika kale.

Maliro atatha, akulu a mpingo anaitana mmisiri wa kwina kuti aone chimene chinagwetsa nsanja. Iye anazungulira, anakanda khoma ndi chala, matope n'kumangotuluka. Anati, "Malata okha sakanaigwetsa. Simenti yokha ayi. Belu lokha, pa khoma louma, likanalira mpaka adzukulu anu. Zitatuzi zinachita kugwirizana."

Akulu a mpingo anakhala pansi mpaka dzuwa kupendeka, kenako anaitana Anangondo. "Mayi, magazi agwera panyumba ya Mulungu, sitingangokhala chete. Koma kudula ana anu onse ndiye kukuphani ndi inu nomwe. Tchulani mmodzi, adulidwe mumpingo ndipo achoke pamudzi pano. Mukakana kutchula, apita onse atatu."

Nkhanza zake! Mayi wamasiye, misozi isanaume, ati asankhe yekha mwana womutaya. Anangondo anabwerera kunyumba, napeza ana aja atakhala pakhonde, osayang'anana. Anawauza zimene akulu a mpingo anagamula.

Yotamu ndiye anayamba. "Amayi, ine ndinaletsa kudontha. Madzi aja akanauma okha, Sofeti akanapanda kuwatsekera."

Sofeti anadzuka, maso ali psu. "Achimwene, madziwo anawaloza kumaziko ndani? Khoma louma mukanalipaka simenti, likanavunda ndi chiyani?" Anatembenukira kwa mayi ake. "Ine ndili ndi ana aang'ono, amayi. Ndipita nawo kuti?"

Malizani sanadzutse nkomwe mutu. "Tchulani ine, amayi. Chimene chinawaphwanya bambo ndi belu langa. Ndinalinyamula ndekha."

Anangondo anawayang'ana mmodzimmodzi, mtima ukuwawa ngati chilonda chothira mchere. Yotamu ankanena zoona, koma analoza mng'ono wake chala bambo ake asanazizire m'manda. Sofeti nayenso ankanena zoona, koma ntchito yake ndiyo inabisa kuvunda kuti anthu asakuone. Malizani anavomera yekha, komatu pa atatuwo ndi iye yekha amene anagwira ntchito chifukwa chokonda bambo ake, ndipo kumutchula kunali ngati kumulanga chifukwa cha chilungamo chake.

Kutacha anapita kukaima pamaso pa akulu a mpingo, pafupi ndi mulu wa njerwa uja. Ana awo atatu anaima kumbuyo. Mkulu wina anati, "Mayi, tikumva."

Ine ndalekera pomwepa, chifukwa pakamwa pa Anangondo panauma, ndipo panganso pauma. Tsono inu amene mwakhala apa, mukanakhala mayi ameneyu, mukanatchula yani: wa malata, wa simenti, kapena wa belu?